Papsa Tonola, Sudziwa Mtima wa Moto

Mu February 2008, mayi wina wa ku England yemwe adatha zaka zoposa 30 akuphunzitsa anthu a kwawo kuphika adatulutsa buku lowauza kuti atsegule chitini. Mayiyo ndi Delia Smith, bukulo ndi How to Cheat at Cooking, buku la njira zachidule zophikira. M'menemo mudali nyama ya nkhosa yogaya, yophikaphika, yam'chitini cha ku Marks & Spencer. Mudali mbatatesi yophwanya kale ya kampani ya Aunt Bessie's, yomwe amaigulitsa youma gwa ndi chisanu, m'timibulu tongoyala pamwamba pa ndiwo n'kulowetsa mu uvuni. Anyezi woduladula kale, tchizi chopala kale, msuzi wa m'mabotolo. Mbatatesi yomweyo adailowetsa ngakhale mu keke ya chokoleti. Ndipo sadangoti gulani nyama yam'chitini ayi, adatchula dzina la kampani ndi sitolo yokagulako.

Bukulo lidayenda malonda koopsa, ndipo mwezi wotsatira wailesi yakanema ya BBC idayamba kuonetsa pologalamu yake. Koma phokoso lomwe lidabuka lidaposa malondawo. Kwa Angerezi, Delia ndi munthu wongomutchula dzina loyamba, ngati azakhali a pakhomo. Buku lake lalikulu, Complete Cookery Course, lochokera m'mapologalamu a BBC a kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, lidalowa m'nyumba zosawerengeka. Anthu ankapatsana pa ukwati, ankalongedzera mwana wopita ku yunivesite. Mbiri yake idali yakuti ukatsata zomwe walemba, chakudya sichikukana. Mu 1995 atatchula tizipatso ta cranberry m'buku lake la zakudya za nyengo yozizira, tizipatsoto tidasowa m'masitolo. Mu 1998 adaphunzitsa pa kanema kawiritsidwe ka dzira, wophika wina wotchuka, Gary Rhodes, n'kudandaula kuti kumeneko n'kunyoza anthu, koma mazira adagulidwa kuposa kale. Ndiye taganizani mphunzitsi ameneyo, wolera mibadwo iwiri ya ophika, akutulukira ndi chotsegulira zitini m'manja.

Owerenga ambiri adaona kuti wawapereka. Ena ankati nyamayo ukangotsegula chitini imanunkha chakudya cha galu. Ena ankati kusenda mbatatesi n'kuiwiritsa si ntchito yoti munthu wamkulu n'kuithawa, mphindi 20 zakwana. Ena adatenga cholembera n'kuwerengetsa, n'kupeza kuti njira yachiduleyo ikudya ndalama kuposa yaitali. Padali okayikira kuti masitolo adamupatsa kangachepe, ngakhale iye adakana kwamtuwagalu kuti potchula katunduyo sadalandire kanthu. Ndipo pansi pa madandaulo onsewa padagona mawu amodzi, ena kuwatchula ena kungowazungulira: ulesi.

Padalinso gulu lina, losakweza mawu kwenikweni. Okalamba omwe zala zawo zidagwidwa nyamakazi, oti kudula anyezi mmodzi ndi chilango. Abambo ofedwa, omwe adasiyiridwa khitchini yomwe moyo wawo wonse ankangoidutsa. Amayi ofika panyumba kutada, ana atayamba kale kulira njala. Ndi ena ongoopa poto basi, oti buku la maphikidwe akalitsegula thukuta limayamba. Amenewa ankati bukuli lisanabwere iwo sankasenda mbatatesi ayi, ankagula chakudya chopsapsa cha m'kabokosi n'kuchitenthetsa mu mayikulowevu, kapena kuimbira foni ogulitsa tchipisi. Kwa iwo kusakaniza zinthu zinayi m'mbale n'kuyatsa uvuni kudali kukwera, osati kutsika. Delia mwini ankanena zomwezo, kuti sadalembere odziwa kale, koma opanda nthawi ndi amantha.

Makolo athu ali ndi mwambi womwe ukadawathandiza anthuwa kumvana msanga: papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Udabadwira pa chimanga chootcha. Aliyense wootchapo dowe pa makala akudziwa kuti sapsa yense nthawi imodzi. Mbali yoyang'ana moto imayamba kufiira, njere zina n'kumaphulika, thi, thi, mbali inayo ikadali yoyera, yamkaka. Wodikira kuti apse yense ndiye adye akhoza kudikira pachabe. Moto ukhoza kulilima mwadzidzidzi n'kupsereza zonse, ukhoza kuzirala, mphepo ikhoza kuwaza phulusa, mvula ikhoza kutsika, kapena akhoza kukuitana kuti mbuzi zalowa m'munda. Ndiye umamuchotsa, kumuuzira kawiri, kutonola ndi chala chachikulu mizere iwiri itatu yomwe yapsa, kuponya m'kamwa, n'kumubwezera pamoto. Kumeneko si kususuka. Wangovomereza kuti moto suli m'manja mwako.

Kawirikawiri mwambiwu timautchula pa nkhani za mwayi: ntchito yapezeka igwire, wogula wabwera gulitsa, usati mawa. Koma m'kati mwake muli kuvomereza kwina komwe okwiya aja sadakuone, kwakuti munthu sadziwa mmene tsiku lake lithere. Amene ankati mbatatesi ndi mphindi 20 sankanama. Kungoti ankalankhula monga anthu odziwa mtima wa moto wawo. Nthawi yoweruka akuidziwa, miyendo iwanyamula ola lathunthu pa chitofu, wogwira mwana alipo. Namwino yemwe shifiti yake ya maola 12 yasanduka ya 14 chifukwa womulandira sanafike, sadziwa. Wodwala matenda oti lero wadzuka bwino mawa wakanika kutsika pabedi, sadziwa. Kwa anthu otere mphindi 20 zija zimabereka ana. Pali kukumbukira kugula mbatatesi ndi kuidya isanamere, kuisenza pa masitepe, kuima pa sinki, kutsanula madzi owira m'poto wolemera manja akunjenjemera, kenako kutsuka potoyo. Chomwe amayerekeza ndi chakudya cha m'buku la Delia ndi buledi wouma ndi tiyi, kapena kungogona osadya.

Tione chakudya chimodzi pafupi. Angerezi ali ndi chomwe amachitcha shepherd's pie. Kachikale, umadula anyezi ndi karoti, kukazinga, kuikamo nyama ya nkhosa yogaya mpaka isinthe mtundu, kuthira msuzi, n'kuisiya ibwate pang'onopang'ono theka la ola kapena kuposa. Uku mbatatesi ikuwira m'poto wina. Ikapsa, kutsanula madzi, kuiphwanya ndi batala ndi mkaka, kuiyala pamwamba pa nyama, kukanda mizere ndi foloko kuti ifiire bwino, n'kulowetsa mu uvuni theka lina la ola. Ola ndi theka lapita, mapoto atatu ada. Njira ya Delia ndi kutsegula chitini, kusakaniza ndi zamasamba zodula kale, kuyala timibulu tija, kuwaza tchizi, uvuni. Manja agwira ntchito mphindi zochepa, zotsuka n'zowerengeka. Kuti choyambacho chimakoma kuposa chachiwiri sindikutsutsa. Nyama yam'chitini amaiphika pa kutentha koopsa kuti isavunde, ndiye imafewa mopitirira, pakamwa n'kumangosungunuka yopanda chotafuna. Koma Lachitatu madzulo, m'nyumba ya munthu wotopa, choyambacho nthawi zambiri sichiphikidwa n'komwe.

Chondiseketsa pa okwiyawo n'chakuti palibe ndi mmodzi yemwe woyambira pachiyambi penipeni. Buledi amagula. Batala amagula. Pasta, tchizi, tomato wam'chitini, timibulu ta msuzi ta Oxo tomwe tidayamba kugulitsidwa mu 1910, zonsezi amazitenga pa shelefu mtima uli m'malo. Malire a kuphika kwenikweni aliyense amawalemba pomwe amayi ake ankalekezera. Ifenso mbiri imeneyi tili nayo, ndipo yathu njaposachedwa moti ambiri tidaiona ndi maso. Ufa woyera udali ntchito ya masiku: kukonola mumtondo, kupeta, kuviika mphale, kutsuka, kusinja, kusefa, kuyanika pamphasa munthu ali chire kuingitsa nkhuku. Chigayo chitafika sikudasowe odandaula kuti nsima yake ikumveka dizilo. Thelere ankaphikira chidulo chotcheza m'phulusa, lero ndi soda wa pa golosale, ndipo palibe amene amati mayi wothira soda ndi wachinyengo. Mukamvetsera bwino olirira mtondo, mupeza kuti ambiri si amene ankagwira munsi.

Pamenepa mpomwe mawu akuti ulesi amandinyansa. Sagwera aliyense mofanana. Bambo akatsegula chitini n'kudyetsa ana, anthu amati akuyesetsa. Mayi akachita zomwezo, pakhomo pake pamakhala nkhani. Ophika otchuka a pa kanema, omwe ena mwa iwo adakwinya mphuno ndi bukuli, anyezi wawo amamupeza ali kale m'timbale, wodulidwa ndi anyamata osaoneka pa kamera, ndipo mapoto akuda amawasiyira ena. Nawonso amadya thukuta la manja a wina, kungoti manjawo ali kuseri kwa chitseko osati ku fakitale.

Nkhondoyi sidayambe mu 2008. Nicolas Appert wa ku France adasindikiza njira yosungira chakudya m'mabotolo otseka mu 1810, chaka chomwecho Peter Durand n'kulembetsa chitini ku England. Zakudya zoumitsa ndi chisanu za Clarence Birdseye zidafika m'masitolo a ku America mu 1930. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 Poppy Cannon adalemba buku lophikira zam'chitini, mu 1960 Peg Bracken n'kulemba la anthu odana ndi kuphika. Delia mwini, buku lake loyamba la mu 1971 lidali ndi dzina lomwelo la How to Cheat at Cooking. Koma nthawi imeneyo adali mayi wachitsikana wolemba m'nyuzipepala, wopanda ophunzira oti awakhumudwitse.

Nyengo nayo idamukana. Mu January 2008, kutatsala mwezi umodzi kuti buku latsopanolo lituluke, ophika awiri otchuka, Hugh Fearnley-Whittingstall ndi Jamie Oliver, adaonetsa pa Channel 4 mmene nkhuku zotchipa zimakulira, zothithikana m'makola osalowa dzuwa. Anthu ophunzira ndi opeza bwino adali atayamba kuona kagulidwe ka chakudya ngati nkhani ya chikumbumtima: nkhuku yoyenda panja, masamba a mlimi wapafupi, msika wa Loweruka. Delia atafunsidwa pa wailesi adati iye ndi wophika, ndale za chakudya si zake. Adati nkhuku za m'makola sizimusangalatsa, koma pali mabanja osauka ofunika kudyetsa ana. Adatinso amakonda nsawawa zochokera ku Kenya m'nyengo yozizira, poti kumeneko anthu akupezerapo ntchito. Apa ndiye adaputa mavu, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Ine ndimaona kuti mkwiyo wambiri sudali pa lilime. Ku Britain nyama yam'chitini imakumbutsa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, masiku a Spam ndi chakudya chogawa ndi makadi, chomwe chidatheratu mu 1954. Imakumbutsa umphawi. Mabanja ambiri adachoka kumeneko pang'onopang'ono, ndipo amene adawagwira dzanja, kuwaphunzitsa mafuta a olivi ndi zitsamba zonunkhira, ndi Delia yemweyo. Tsopano ankaoneka ngati akuwalozera njira yobwerera.

Mpaka apa ndakhala kumbali yake. Koma mwambi womwe ndamutetezera nawo ndi womwewonso ukumugwira mwendo. Ena amauyesa mdani wa uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ngati kuti wina ndi wa ophuma, wina wa odekha. Sindikuona choncho. Wotonola sachoka pamoto. Wakhala pomwepo, akutembenuza, akuyang'ana, akudina njere ndi chikhadabo kuti amve ngati yapsadi. Amatonola papsa pokha, posapsa amabwezera. Ndipo kuti utero uyenera kukhala ndi diso lodziwa kusiyanitsa kupsa ndi kuwauka, poti dowe akhoza kuda kunja m'kati ali wamuwisi. Diso limeneli buku la 2008 silipereka. Limapereka mndandanda wa mayina a katundu.

Owerenga omwe adaliyesadi bukulo dandaulo lawo lalikulu lidali pamenepa. Chakudya chimodzi chinkafuna chitini cha ku Marks & Spencer, botolo la ku Waitrose, paketi ya ku Sainsbury's kapena Tesco. Wokhala m'katauni ka sitolo imodzi, kapena wopanda galimoto, nthawi yomwe waipulumutsa pa chitofu ankaitaya pa basi. Ndiye kuti agogo a nyamakazi aja, omwe bukulo lidati likuwathandiza, ndi omwe sakadatha kuzungulira masitolo anayi ndi chikwama. Mtengo nawo sudali wa masewera. Anyezi woduladula amakwera mtengo kuposa wamphumphu chifukwa ukulipira manja a munthu wa ku fakitale, pulasitiki ndi magetsi a firiji. Masitolo adamata timapepala pa katundu wotchulidwa m'bukumo, katunduyo n'kumatha pa mashelefu. Wogula sadaphunzire kutembenuza chitini n'kuwerenga za kumbuyo kwake. Adaphunzira kusakasaka kapepala. Wamuuza kuti apa papsa ndi wina, iye akungokhulupirira.

Mchere ndi umodzi mwa zinthu zobisala kumbuyo kwa chitini. Bungwe lolimbana ndi mchere wochuluka m'zakudya la Consensus Action on Salt and Health lidadandaula chaka chomwecho kuti zakudya zina za m'bukumo zidauchulutsa. N'zosadabwitsa. Botolo lililonse labwera ndi mchere wake, ukaphatikiza atatu anayi wadziunjikira wekha usanagwire n'komwe kambale ka mchere, pomwe bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku. Chaka chotsatira, mu 2009, Carlos Monteiro wa pa yunivesite ya São Paulo ku Brazil adayamba kugawa zakudya potengera kuchuluka kwa zomwe fakitale yachita nazo, ndipo maganizo ake akadathetsa theka la mkangano wa owerenga aja. Nsawawa za mufiriji ndi nsawawa basi. Anyezi wodula ndi anyezi. Nyemba ndi tomato zam'chitini n'zongophika ndi madzi ndi kamchere. Koma msuzi wa m'botolo wokhala ndi mndandanda wautali kumbuyo kwake, wa zinthu zoti m'khitchini ya munthu simungazipeze, ndi nkhani ina. Mu 2019 Kevin Hall wa ku National Institutes of Health ku America adafalitsa zomwe adapeza atasunga anthu 20 kwa masabata anayi, masabata awiri akudya zokonzedwa kwambiri m'fakitale, awiri enawo zosakonzedwa. Pa zoyambazo ankadya makalori pafupifupi 500 owonjezera pa tsiku, n'kunenepa. Buku la Delia silidalekanitse mitundu iwiriyi, ndipo olinyoza nawonso adangoponya zonse m'thumba limodzi, nsawawa zosalakwa n'kufera za eni.

Palinso moto wina womwe wogula sauona n'komwe. Mu January 2013 bungwe loona za chakudya ku Ireland lidapeza nyama ya hatchi m'mabaga ogulitsidwa ngati a ng'ombe. Mu baga ina ya ku Tesco, magawo 29 pa 100 alionse a nyamayo adali hatchi. Mwezi wotsatira nyama ya mu lasagne ina ya Findus idapezeka ili ya hatchi yokhayokha. Kumupachika Delia ndi nkhaniyi kungakhale kumulakwira, poti sidachokere m'buku lake. Koma idaonetsa kutalika kwa ulendo wa nyama yogaya: kuphedwa ku Romania, kudutsa m'manja mwa amalonda a ku Netherlands ndi Cyprus, kukonzedwa ku France ndi Luxembourg, kudyedwa ku England. Nyama ikagayidwa n'kumizidwa mu msuzi, ngakhale diso lakuthwa silithandizanso. Apa onyoza nyama yam'chitini aja adali ndi mfundo, ngakhale ambiri adaifotokoza ndi mphuno.

Odziwa kutonola ndimawaona pakati pa anthu a kwathu omwe ali ku Britain, ambiri akugwira ntchito yosamalira okalamba ndi ya m'zipatala. Ufa wa m'paketi agula Loweruka ku sitolo ya zakudya za ku Africa. Nkhwani, bonongwe, chisoso kulibe, ndiye atenga sipinachi wa mufiriji, timibulu tobiriwira touma gwa. Nsinjiro kulibe, atenga chiponde cha m'botolo, koma ayamba atembenuza botololo, chifukwa chothira shuga chimaononga ndiwo. Asungunula masupuni awiri m'madzi ofunda. Sipinachi amufinya kuti madzi achepe, tomato wam'chitini theka, kamchere, moto wochepa, kutakasa kuti zisagwire pansi. Nsima ikamavundulidwa ndiwo zotendera zapsa, munthu wadya, wanyamuka kupita ku shifiti ya usiku. Chilichonse m'potomo chachokera pa shelefu. Koma lilime lomwe likuweruza lidakulira nkhwani wotendera weniweni, ndiye likudziwa pamene zafika ndi pamene zaperewera. Mwana wobadwira komweko mukangomupatsa mayina a mabotolo popanda lilime limenelo, tsiku lomwe botolo lasowa wasowa naye pogwira. Delia naye adatha kusankha chitini chabwino pakati pa zitini zambiri chifukwa adaphika nyama ya nkhosa pafupifupi zaka 40. M'bukumo adaikamo mayankho, samu yake n'kutsala nayo.

Pa maganizo a owerenga onsewa, si onse olemera mofanana. Ena mwa okwiya kwambiri sadaphikepo ndi chakudya chimodzi chomwe cha m'bukumo. Adangoona pa kanema chitini chikutsegulidwa, n'kugamula mlandu. Ena mwa oyamikira ankayamikira dzina la pachikuto. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Olemera adali aja osakoma kuwerenga, opanda ukali ndi nthungululu zomwe, ongofotokoza kuti chakuti adaphika chidakoma, chakuti chidachuluka mchere, nyama yam'chitini adaisiya poti kukazinga yaiwisi sikuchedwa, koma mbatatesi ya mufiriji aisunga chifukwa idawapulumutsa tsiku lomwe mwana adadwala. Amenewa bukulo adalichita zomwe mwambi ukunena. Adalitembenuza, kulidina ndi chikhadabo, kutonola masamba omwe adapsa, enawo n'kuwasiya. Mawu awo sadamveke patali chifukwa nyuzipepala sigulitsidwa ndi munthu wonena kuti zina n'zabwino zina ayi.

Chaka cha 2008 chisanathe, moto udasintha mtima. Mitengo ya chakudya idali itakwera kale, banki ya Lehman Brothers idagwa mu September, anthu n'kuyamba kuchotsedwa ntchito. Buku lina la Delia la mu 1976, Frugal Food, la maphikidwe osaboola m'thumba, lidasindikizidwanso. Ena omwe mu February ankasowa nthawi, pofika December nthawi adali nayo yambiri, chosowa n'kukhala ndalama, ndipo anyezi wodula kale adasanduka chinthu cha mabwana. Mu 2019 Jack Monroe, yemwe adadziwika polemba za kudyetsa mwana ndi ndalama zochepa zedi, adatulutsa Tin Can Cook, buku la zam'chitini, poganizira anthu olandira chakudya m'malo othandiza osowa, komwe chambiri choperekedwa chimakhala cham'chitini. Phokoso la 2008 silidabwerenso. Zikuoneka kuti wosauka amamulola kutsegula chitini. Chomwe sadalole n'chakuti mphunzitsi wawo auze mayi wa ndalama zake, wa khitchini yabwino, kuti nayenso akatopa akhoza.

Delia adalengeza mu 2013 kuti wasiya kanema, n'kutsegula sukulu yophika ya pa intaneti yophunzitsanso kuyambira pansi. Buku la 2008 lija lidakalamba msanga kuposa anzake, ndipo chifukwa chake n'chosabisika. Masitolo amasintha katundu chaka ndi chaka. Botolo lasiya kupangidwa, paketi yachepa, msuzi wasinthidwa kakomedwe, kampani yagulidwa ndi ina, monga Aunt Bessie's yomwe idagulidwa ndi Nomad Foods mu 2018. Wotsegula Complete Cookery Course lero apeza anyezi, ufa ndi mazira zikugulitsidwabe pa sitolo iliyonse. Wotsegula la 2008 amakumana ndi dzina la botolo loti kulibenso, ndipo amayenera kuima pa shelefu n'kuganiza yekha kuti m'botolo lija mudali zowawasa kapena zotsekemera, zolimba kapena zamadzimadzi, kuti pa mabotolo ali pamaso pakewa ndi liti lingalowe m'malo mwake, ndi kuti akalitenga achepetse mchere wochuluka bwanji.